Landilodi Amene Anagulitsa Mthunzi Wake

Ku Santo Domingo, kutsidya kwa mtsinje wa Ozama, kunali mdadada wa zipinda khumi ndi ziwiri umene anthu ankangoti kwa a Don Fulgencio. Zipinda zake zinali zazing'ono moti mphemvu zinkalowamo chammbali. Makoma ake anali opyapyala moti wa m'chipinda choyamba akayetsemula, wa m'chipinda chachisanu ndiye ankapukuta mphuno. Pabwalo panali mpopi umodzi, benchi imodzi, chingwe chimodzi choyanikapo zovala ndi mtengo umodzi wa mango. Basi.

M'chipinda chachinayi munkakhala Nicanor ndi mkazi wake Zoila. Nicanor ankagulitsa nthochi zophika pa njinga ya matayala atatu, ndipo anali ndi mawu oti akakuwa m'mawa kuti "Nthochiii!" atambala ankachita manyazi n'kubwerera kukagona. Koma mawu sadyedwa. Umphawi unamukonda mwamunayu ngati mwana wachisamba. Malaya ake anali ndi zigamba zambiri moti Zoila yemwe, amene ankazisoka, anaiwala kuti nsalu yoyambirira inali yamtundu wanji.

Lendi ankalipira, mokoka miyendo koma ankalipira. Chimene chinkamudya mtima ndi zowonjezera, pakuti mwezi sunkatha a Don Fulgencio osabwera ndi chatsopano cholipiritsa.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, Nicanor anawapeza ataima pageti. Anali atavala chipewa choyera, dzino lagolide likuthwanima, m'khosi muli tcheni chonenepa ngati chomangira mbuzi. Mkuluyu sankakhala pansi. Milomo yake inali yong'ambikang'ambika, ndipo ankangopapira madzi a m'botolo ngati akuthira mumchenga. Koma zimenezo Nicanor sankaziona. Ankangoona golide.

"Njinga yakoyi imagona pabwalo langa," anatero a Don Fulgencio. "Kuyambira mwezi uno izilipira."

"Imagona? Munaimvapo ikuliza mkonono?"

"Mapeso mazana awiri."

"Madala inu, muziopako Mulungu! Mwezi watha munati benchi. Winawo munati mpopi. Nanga lendi timalipirayi ndi ya chiyani, ya mphemvu? Mawa mudzati tilipire mpweya wolowa pazenera!"

Nkhalambayo inadzidzimuka ngati yapondedwa pachilonda. "Mpweya ayi. Umenewo usautchule, mwana wanga."

Kenako inamuyang'anitsitsa Nicanor, inaona pamene maso ake anali, pa tcheni paja.

"Umandisirira eti?"

"Ndani sangasirire? Mumadya mutapinda manja pamene ife tikupalasa mpaka misana kuthyoka."

"Ukunena zochokera pansi pa mtima?" Mawu awo ankanjenjemera ngati a munthu wofunsira mbeta. "Ndiye pita pansi pa mlatho. Pali amayi osula makiyi, a Doña Brígida. Ukawauze mawu omwewa, usasinthe ngakhale limodzi."

Zoila atamva anasiya kusankha nyemba. "Amuna anga, fisi akakugawira nyama yamba wafunsa kuti chamutsamwa n'chiyani."

"Iwe ndi miyambi yakoyo tidzafera m'chipinda chino," anatero Nicanor. M'mawa mwake njinga anaisiya, n'kupita wapansi.

Pansi pa mlatho panali kabenchi ka malata, ndipo makiyi mazanamazana olendewera pa mawaya ankagwedezeka ngakhale kunalibe mphepo. Mayi wowonda ngati ndodo ya ambulera ankanola kiyi pa makina. Sanadzutse mutu.

"Chitseko chako n'chotani?"

"Ndilibe chitseko, mayi."

"Aa. Onse amabwera ndi chitseko chosowa kiyi. Iwe ukufuna kiyi wosowa chitseko. Wakutuma Fulgencio." Makina anazima okha. "Lankhula."

"Ndimawasirira. Ndikufuna mdadada uja ukhale wanga."

"Bwereza."

"Ndimawasirira."

"Kachitatu, amve bwino."

"Amve ndani?"

Mayiyo anangodikira. Nicanor anabwereza, ndipo makiyi onse analira pamodzi kuti ngwee, kenako zii. Ngakhale phokoso la magalimoto pamwamba pa mlatho linatha.

"Nanga ndibweretse chiyani?" anafunsa Nicanor. "Nkhuku yakuda? Mbuzi?"

"Ndikaisunga kuti mbuzi pansi pa mlatho? Zamagazi ndinasiya, zimaitana ntchentche. Ine sindifuna ngakhale peso imodzi." Anatulutsa pachifuwa kiyi wakuda wopanda mano. "Mvetsera. Mwezi uliwonse, dzuwa la tsiku lomaliza lisanalowe, uziwalipiritsa anthu ako chinthu chimodzi chatsopano, chimene akhala akuchipeza chaulere. Ndalamayo uziika m'chitini pamodzi ndi kiyiyu. Idzaswana."

"Basi zokhazo?"

"Chimene walipiritsa, wagulitsa. Ndipo wogulitsa ng'ombe sakamanso mkaka wake. Iwo adzakhala nacho, poti alipira. Iwe sudzachionanso."

Nicanor anaseka chamumtima. Dziko ladzaza ndi zinthu zopanda ntchito, munthu wochenjera angasowe chogulitsa?

"Nanga ndikadumphitsa mwezi?"

"Kiyi adzasankha yekha. Koma ndikuuziretu, kiyi sasankha zazing'ono. Nyambita."

Ananyambita. Kiyiyo ankawawa mchere, ngati thukuta la anthu ambiri.

Atafika kunyumba anapeza a Don Fulgencio ali chiimire pageti, mapepala a poloti osainasaina ali m'manja, kachikwama kali paphewa. Anamupatsa mapepalawo osafunsa kanthu. Kenako nkhalamba ija inathamangira kumpopi, inagwada, inamwa, n'kuyamba kulira ngati khanda. "Akoma! Anthu inu, madzi akoma!" Inakhala pabenchi, inadzuka, inakhalanso, inadzukanso, ikuseka misozi ili chuchuchu. Tcheni chija inachitaya pansi, n'kukakwera basi yopita kumudzi osacheuka. Matenanti anati zaukalamba zimenezo.

Nicanor anatola tchenicho n'kuvala. Anakuwa ndi mawu ake a nthochi aja kuti zowonjezera zonse zatha, ndipo pabwalo panagwa phwando la mowa wa ramu ndi nyimbo za akodiyoni. Amene anavina kuposa onse anali Ambrosio, wosoka nsapato wa m'chipinda chachisanu ndi chiwiri. Nicanor ndiye ananyamula mwana wa Ambrosio, Yuderka, pa ubatizo, ndipo kuyambira tsiku limenelo awiriwa ankaitanana kuti akompai. Chibale chimenecho chimaposa cha magazi. Wonyamula mwana pa ubatizo ndi bambo wachiwiri: diresi la ubatizo amagula ndi iye, ndipo zikavuta, Mulungu aletse, bokosi amagulanso ndi iye.

"Akompai alemera!" Ambrosio ankakuwa atanyamula Yuderka paphewa. "Mwanawe, atate ako awa, uziwapatsa moni kawiri patsiku!"

Koma mwezi uli ndi mchira. Tsiku lomaliza kiyi anayamba kutentha m'thumba, poyamba ngati kapu ya khofi, pofika masana ngati khala. Nicanor anaponya maso uku ndi uku, n'kuona zovala zili pachingwe.

"Abale anga, kanthu kochepa chabe," anatero akuseka. "Chingwechi chimatha. Aliyense woyanika aziponyako kenakake."

Anthu anang'ung'udza koma analipira. Ndalamayo inalowa m'chitini cha mpunga, ndipo kutacha chivindikiro chinali chitakankhidwa, mapeso akusefukira ngati mphemvu zothawa utsi. Nicanor anavina yekhayekha. Koma malaya amene Zoila anamuchapira sanaume. Anakhala padzuwa masiku atatu, pambali pake madiresi a Zoila ali gwaa, malayawo akudontha. Anagula atsopano kusitolo, ndipo atangowavala ananyowa.

"Kunja kukutentha, chinyezi n'chabwino," anatero Nicanor.

Mwezi wotsatira anapeza amuna akumenya domino pansi pa mango.

"Mthunziwu ndi wa mtengo, mtengo ndi wa poloti, poloti ndi yanga."

Ambrosio anaseka mpaka kutsokomola. "Akompai, nthabwala zanu! Mthunzi munaudzala ndinu? Mumauthirira?"

"Sindikuseka, akompai."

"Ndiye tilipire theka, poti m'mawa umagwera kwa aneba."

"Kukachita mitambo muzitibwezera chenji!" anakuwa mayi wina ali pakhomo pake.

"Tinachotsa njoka n'kuika mwana wake," wina anatero chapansipansi.

Analipirabe, nanga akanapita kuti? Masana omwewo Nicanor anapita kukaima pansi pa mango, ndipo mthunzi unasuntha. Anautsatira, unasunthanso. Anauthamangitsa kuzungulira mtengo katatu, ana akufa nazo kuseka, mpaka anaima pakati penipeni pa tsinde, masamba ali thoo pamwamba pake, dzuwa likumuwotcha pamutu ngati palibe kanthu. Anagula chipewa choyera. Dzuwa linadutsa. Apo m'pamene anakumbukira chipewa cha a Don Fulgencio, ndipo kuseka kunamuthera.

Matenanti anakadandaula ku ofesi yoona za lendi. Kunabwera bwana wa tayi ndi chikwama, nkhope ili ndwii. Nicanor anangoika kiyi patebulo. Bwanayo anamuyang'ana kiyiyo, anayasamula, n'kunena kuti zonse zili m'malo mwake, ndipo anatuluka akufunsa anthu kuti kodi wabwera kudzatani kuno.

Chuma ndiye chinabwera. Nicanor anamanga nyumba yosanja pamwamba pa chipinda chachinayi, anaipaka utoto wofiirira, anaika mano atatu agolide, kuti apose a Don Fulgencio. Koma zinthu zopanda ntchito zija zinayamba kuchepa msanga. Analipiritsa wailesi, ndipo nyimbo zonse m'makutu mwake zinasanduka phokoso la malata. Analipiritsa alendo ogona, ndipo abale ake enieni ankadutsa pageti akufunsa kuti Nicanor amakhala kuti, iye ali pomwepo akuwakodola.

"Kabwezeni chinthucho," Zoila anamuuza. "Ndinakwatiwa ndi wogulitsa nthochi wouma bwino. Pano ndikugona ndi chinkhupule."

"Ukudya nyama tsiku lililonse, ukudandaula chiyani?"

"Ndikudya ndekha. Kale ndikaphika mpunga ndi nyemba, mbale imadutsa khomo ndi khomo. Lero ndikapereka moni akazi anzanga amafunsa kuti ndi zingati."

Mawu amenewo anamulasa, ndipo mwezi umenewo Nicanor analimba mtima osalipiritsa kanthu. Kiyi anawotcha thumba n'kuboola, iye anamuponya m'ndowa ya madzi, madziwo anabwata. Dzuwa linalowa. Kutacha anatsegula pakamwa kuti aitane Zoila, ndipo munangotuluka kamphepo. Mawu aja, odzutsa dera lonse, anali atapita. Anatsala ndi manong'onong'o okhaokha, okwecha ngati mpeni pa mwala.

Mantha anamugwira tsopano. Mwezi wotsatira sanadikire n'komwe tsiku lomaliza. Anagula loko n'kukhoma mpopi.

"Ndowa iliyonse izilipira," ananong'ona.

Ambrosio anabwera atavula chipewa. Nthabwala zinali zitamuthera. "Akompai, nsapato sizikuyenda mwezi uno. Lendi ndalipira, chingwe ndalipira, mthunzi ndinasiya kukhalamo. Koma madzi? M'nyumba muli mwana wanu."

"Ndikakhululukira inu, onse abwera."

"Ndikupempha ngati kompai."

"Pa madzi palibe chikompai."

Zoila ankaba kiyi wa loko n'kumatungira anzake mwamuna wake akachoka, mpaka Nicanor anazindikira n'kumangirira kiyiyo m'chiuno. Zitatero mkazi wa Ambrosio anayamba kutunga m'khwawa lotsikira ku Ozama, mmene mumadutsa zonyansa za dera lonse.

Nicanor nayenso ludzu linamugwira. Ankamwa ndowa yathunthu, mimba n'kufufuma ngati ng'oma, kukhosi kuli gwaa. Milomo inang'ambika. Patatha sabata ziwiri anathamangira pansi pa mlatho n'kuponya kiyi wakuda uja pa kabenchi.

"Tengani chinthu chanu."

"Si changa," anatero a Doña Brígida akunola kiyi wina. "Unanyambita ndiwe."

"Nanga a Don Fulgencio anamasuka bwanji?"

"Anapeza womusirira. Wosirira zenizeni, wobwera ndi miyendo yake kudzanena katatu. Anakudikira zaka khumi ndi zinayi, mwana wanga. Tsiku limene unabwera anandigulira maluwa."

"Ine zaka khumi ndi zinayi sindifika. Ndifa ndi ludzu."

"Mwina." Mayiyo anadzutsa mutu koyamba. Maso ake anali otuwa ngati makiyi akale. "Usadandaule. Imfa idakali yako, ndipo ndi yaulere. Tola kiyi wako, ukunditchingira makasitomala."

Pobwerera anamva kulira ali patali. Yuderka anali atatsegula m'mimba masiku atatu, ndipo anamwalira m'mawa umenewo ali m'manja mwa mayi ake, pa mzere wa kuchipatala.

Tsiku lotsatira linali lomaliza la mwezi. Za mpopi zinali za mwezi womwewo, inde, koma kiyi anaziwerengera ku ngongole ya mwezi uja Nicanor anadumphitsa, pakuti mawu aja anali chilango chabe, ndipo anali atayambanso kutentha. Pabwalo panadzaza mipando. Anayala nsalu yoyera patebulo pansi pa mango, anayatsa makandulo, amayi akuimba nyimbo zoperekeza mwana. Zoila ankazungulira ndi khofi, maso ali psuu. Mwanayo anagonekedwa patebulopo atavala diresi loyera, akudikira bokosi.

Nicanor anaima pamasitepe a nyumba yake yosanja, malaya akudontha, ntchafu ikupsa ndi kiyi. Anayang'ana pabwalo kufuna cholipiritsa. Chatsala n'chiyani? Tulo? Moto wophikira? Chitseko? Mpweya? Chilichonse chimene ankaganiza chinkamuzizira m'mafupa. Dzuwa linali litapendeka.

Ambrosio anabwera pang'onopang'ono n'kuima pansi pa masitepe.

"Akompai. Za madzi sindinena, Mulungu ndiye adziwa. Ndabwerera mwambo. Mwana wanu akufuna bokosi."

Pamenepo m'mutu mwa Nicanor munagwa nzeru, nzeru yonyezimira ngati dzino lagolide. Chimene walipiritsa sudzachionanso. Imfa idakali yako, ndipo ndi yaulere. Ha! Mfiti ija inaulula yokha osadziwa! Akalipiritsa maliro, maliro sadzamuonanso. Ludzu silidzamupha, ukalamba sudzamupha. Adzakhala ndi chuma chake mpaka kalekale. Ndani anachenjerapo chotere chiyambire dziko?

"Maliro pabwalo langa," ananong'ona, "azilipira."

Manong'onong'o amenewo anamveka mpaka kumpando womaliza. Nyimbo inaduka pakati. Ambrosio anayang'ana mnzakeyo ngati akuona chinthu chotuluka m'khwawa.

"Mwati bwanji, akompai?"

"Mipando ikuwononga pabwalo. Anthu akugwiritsa ntchito chimbudzi. Mapeso chikwi."

Palibe anatukwana. Zikanakhala bwino akanatukwana. Zoila anaika pansi ketulo ya khofi, anayenda pakati pa mipando, anakwera masitepe awiri. Anavula mphete yake ya ukwati, anatsegula dzanja lonyowa la mwamuna wake, n'kuiika pamenepo.

"Alandilodi, malipiro a maliro ndi amenewo. Chenji musunge."

Kiyi anazizira nthawi yomweyo. Malonda anali atatheka.

Amuna anazula chitseko cha chipinda chachisanu ndi chiwiri, anachicheka, anakhoma kabokosi n'kukapaka laimu. Ananyamula Yuderka kupita naye kumanda, Zoila ali kutsogolo ndi maluwa. Pobwera kumanda sanakhale pansi. Aliyense anasenza matiresi ake ndi mapoto ake, ndipo pofika madzulo makomo khumi ndi limodzi anali pululu. Zoila anatenga njinga ya nthochi ija, anakwezapo katundu wa Ambrosio ndi mkazi wake, n'kupalasa yekha osacheuka.

Nicanor anapachika chikwangwani cha zipinda za lendi. Anatsitsa lendi. Kenako analemba kuti zaulere. Koma mbiri inali itafika kale mpaka kumsika, ndipo ngakhale agalu ankawoloka msewu akafika pagetipo. Popanda munthu woti Nicanor amulipiritse, mwezi uliwonse kiyi ankasankha yekha. Anatenga tulo. Anatenga kukoma kwa chakudya. Anatenga nkhope ya Zoila m'mutu mwake, moti ankayang'ana mphete ija tsiku lonse osadziwa chimene ikumulizira.

Anabwereranso pansi pa mlatho akukwawa.

"Unali ndi makomo awiri," anatero a Doña Brígida. "Lina watseka wekha, ine ndinangokuuza kuti lilipo. Latsala limodzi. Pita ukasake wokusirira."

Chaka chimenecho kunabwera namondwe amene anazula mitengo n'kuponya mabwato pamadenga. Nyumba yosanja ija inagwa yonse, Nicanor ali mkati. Patapita masiku anayi anthu anaona njerwa zikusuntha, iye n'kutuluka, mafupa akulira ngati thumba la makiyi, akupempha madzi. Amati mphezi inamupezapo kawiri, kachiwiriko inachita kupepesa.

Mpaka lero, mukadutsa kutsidya kwa Ozama masana, mudzaona geti lopanda mpanda, mtengo wa mango, ndi munthu wakuda ndi dzuwa ataima pakati pa mthunzi umene sumukhudza. Malaya ake amadontha. Chitini chili pamapazi pake, mapeso akusefukira, ndipo ngakhale mbava sizitola. Akakuonani amamwetulira kuti muone mano atatu aja, amagwedeza tcheni, n'kukukodolani.

"Achimwene," amanong'ona, "simukundisirira? Ngakhale pang'ono?"

Musayankhe. Ngakhale mwanthabwala, musayankhe. Fulumirani, mukamwe madzi kwanu.

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Musasirire tcheni cha mnzanu musanaone chimene chamangidwa kumapeto kwake. Ndipo inu a dyera, amene mumalipiritsa anzanu zimene Mulungu anapereka ulere, dziwani kuti simukutolera ayi, mukugulitsa zanu zomwe. Tsiku lina mudzafuna mthunzi, madzi, ngakhale dzenje loti mupumulemo, n'kupeza kuti munagulitsa kale.